Chithunzi cha Kim Phuc chija, anajambula ndi ndani kwenikweni?

Ngati munaonapo chithunzi cha nkhondo ngakhale chimodzi chokha, mwina n'chomwechi. Kamtsikana kali mbulanda, kakuthamanga pakati pa msewu wa tala manja katatambasula, kukamwa yasaa, chakumanzere kamnyamata kakulira nkhope yonse itakwinyika, kumbuyo asilikali akungodziyendera ngati palibe chachitika, ndiye kumbuyo kwenikweniko utsi wakuda bii watseka thambo lonse. Linali tsiku la 8 June 1972 pa mudzi wa Trang Bang, makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda wa Saigon ku Vietnam. Mtsikanayo ndi Phan Thi Kim Phuc, anali ndi zaka 9, ndipo wakumanzereyo ndi mchimwene wake. Zovala anachita kuzivula yekha n'kuzitaya poti zimayaka.

Chomwe chinawaotcha ndi napalm, petulo wosakanizidwa ndi mankhwala kuti alimbe ngati phala lomata, akakugwera pakhungu amakakamira uku akuyakabe. Ambiri amaganiza kuti anaponya ndi Amerika, koma ayi, inali ndege ya asilikali a South Vietnam, mbali yomwe Amerika imathandiza, ndipo inaphonya n'kuotcha anthu ake omwe amene amathawa kuchoka pa kachisi wa chipembedzo cha Cao Dai pomwe anabisala.

Kwa zaka zopitirira 50 aliyense wophunzira kujambula amaloweza dzina limodzi pansi pa chithunzichi, Nick Ut wa Associated Press, kapena kuti AP, bungwe la ku Amerika logulitsa nkhani ndi zithunzi ku nyuzi za padziko lonse. Lero mukafunsa a AP akuuzani kuti ndi yemweyo. Mukafunsa a World Press Photo, omwe anachipatsa mphotho, akuuzani kuti dzina alichotsa kaye. Mabungwe awiri akuluakulu, umboni umodzi, zigamulo ziwiri. Nkhani yake ndi yotalikirapo nde khalani pansi.

Tiyambe ndi momwe imakambidwira kale. Nick Ut, dzina lake lenileni Huynh Cong Ut, anali mnyamata wa zaka 21. Analowa ku AP ali wachichepere mkulu wake Huynh Thanh My, yemwenso amajambulira AP, ataphedwa ku nkhondo komweko mu 1965. Iye amati tsikulo anali pamsewupo ndi atolankhani anzake, anaona ndege ikutsika, moto, kenako ana akutuluka mu utsi, n'kujambula. Atatero anamunyamula mtsikanayo pa galimoto kupita naye ku chipatala ku Cu Chi asanathamangire ku ofesi ndi mafilimu. Ku ofesiko kunabuka kamkangano, poti AP inali ndi lamulo loletsa kutumiza zithunzi za munthu wamaliseche woonekera kutsogolo, koma bwana wa zithunzi Horst Faas, Mjeremani wodziwika kuti sanyengerera, anati ichi chipita basi. Chinadutsa pa wailesi mpaka ku New York, mawa lake chili pa tsamba loyamba la nyuzi zambiri kuphatikizapo New York Times. Ngakhale pulezidenti Richard Nixon anamveka pa matepi a ku White House akufunsa ngati chithunzicho sichinali chochita kukonza. Mu 1973 Ut anatenga mphotho zikuluzikulu za atolankhani, Pulitzer ndi World Press Photo of the Year. Anagwira ku AP zaka 51 mpaka kupuma mu 2017, ndipo Kim Phuc, yemwe anakhala m'chipatala miyezi 14 n'kuchitidwa maopaleshoni 17 kenako n'kudzathawira ku Canada mu 1992, mpaka pano amamutcha malume.

Koma amati mlandu suola. Kumapeto kwa 2022 bambo wina wokalamba, Carl Robinson, analembera kalata Gary Knight, wojambula wa ku Britain yemwe amatsogolera bungwe la ojambula la VII Foundation. Robinson ndi amene anali mkonzi wa zithunzi mu ofesi ya AP ku Saigon tsiku lomwelo, ndiye kuti ndi dzanja lake lomwe linatayipa mawu a pansi pa chithunzicho. Iye akuti atayang'ana nambala ya pa filimu anapeza kuti sinali ya Ut, inali ya wojambula wa ganyu, ndipo ali mkati motayipa dzina la waganyuyo Faas anawerama n'kumunong'oneza kuti alembe Nick Ut. Akuti anamvera, n'kukhala nazo mumtima zaka 50.

Apa mpofunika kumvetsa momwe ofesi imeneyo imayendera, chifukwa ife a makamera a dijito tinaiwala. Pachingerezi waganyu wotereyu amamutcha stringer. Si wolembedwa ntchito, alibe malipiro a pamwezi, alibe inshuwalansi, akavulala ndi zake. Amapita yekha kokaomberana mfuti uko, kujambula, kubwera ndi filimu pa ofesi. Filimu iliyonse ikafika imapatsidwa nambala, dzina la mwini wake limalembedwa m'buku, kenako imalowa m'chipinda chamdima kukatsukidwa limodzi ndi anzake. Ikauma mkonzi amaiyang'ana pa kuwala, wakonda chimodzi amadula kanegetivuko, kumulipira mwini wake pompo, nkhani yathera pomwepo, chithunzi chasanduka cha kampani. Ndiye taganizani tsiku ngati limenelo, mafilimu a anthu angapo ochokera pamsewu umodzi, ojambula zinthu zofanana, onse ali m'beseni limodzi, nthawi ikuthamanga poti a UPI opikisana nawo akufunanso kutumiza msanga. Chomwe chimalumikiza chithunzi ndi munthu chinali kanambala ndi buku basi. Palibe deti, palibe ola, palibe nambala ya kamera mkati mwa chithunzi ngati lero.

Knight ndi anzake anafufuza zaka ziwiri n'kumupeza munthu, Nguyen Thanh Nghe, nkhalamba ya zaka za m'ma 80. Tsikulo anali dalaivala wa atolankhani a wailesi ya kanema ya NBC koma anali wophunzira bwino za kujambula, ndipo anali ndi kamera yake. Iye akuti anapita ndi filimu ku AP, anamupatsa madola 20 ndi chithunzi chimodzi chotsuka ngati kachikumbutso. Nkhani yonseyi inatuluka mu filimu ya The Stringer yomwe anakonza Bao Nguyen, ndipo inaonetsedwa koyamba ku chionetsero cha mafilimu cha Sundance ku Amerika mu January 2025, Nghe ali pomwepo n'kuimirira kuuza anthu kuti chithunzicho anajambula ndi iyeyo.

Mawu a nkhalamba ziwiri paokha sakanagwedeza kanthu. Chomwe chinapangitsa anthu kukhala tcheru ndi ntchito yoyeza. Pamsewupo panali makamera ambiri, ena a kanema, Alan Downes wa ITN ndi Le Phuc Dinh wa NBC amajambula vidiyo, ndiye atolankhaniwo amalowa m'zithunzi za anzawo osadziwa. Gulu la akatswiri a ku Paris lotchedwa Index linatenga zithunzi zonse ndi makanema onse, kuzisanja motsatana sekondi ndi sekondi, kumanganso msewu wonse pa kompyuta, n'kuyamba kuyika munthu aliyense pomwe anaima. Zomwe anapeza n'zakuti patangopita kanthawi kochepa chithunzicho chitajambulidwa, munthu yemwe akuoneka ngati Ut akuonekera kutali kumbuyo, akuyenda kubwera komwe kuli anawo. Ndiye kuti ngati anajambula ndi iyeyo, anayenera kudina, kuthamanga kubwerera m'mbuyo mtunda ndithu, kenako kutembenuka n'kumabweranso wapansi modekha. Pomwe Nghe akuoneka ali pafupi ndi malo oyenerawo kamera ili m'manja.

Kenako nkhani ya kamera, yomwe ine imandisangalatsa kuposa zonse. Amene munagwirapo negetivu mukudziwa kuti m'mphepete mwa chithunzi chilichonse muli kamzere kakuda kozungulira. Kamzere kameneko kamapangidwa ndi kazenera kachitsulo ka mkati mwa kamera pomwe filimu imagona, ndipo mtundu uliwonse wa kamera uli ndi kadulidwe kake, makona ena ndi osongoka, ena obulungira pang'ono, ena ali ndi kachipsera. Zili ngati chidindo cha chala. Ut kwa zaka zonsezi amanena kuti anajambula ndi Leica M2, moti a Leica anamupatsa ulemu wa Hall of Fame mu 2012. A AP eni ake atayeza m'mphepete mwa negetivu anavomera kuti sizikuoneka kuti inali Leica, mwina inali Pentax. Ndipo Nghe amati kamera yake inali chani? Pentax. Atamufunsa Ut anayankha kuti tsikulo ananyamulanso Pentax ya malemu mkulu wake, ndipo za Leica anamuuza ndi Faas. Zotheka ndithu, ojambula a nkhondo amakoleka makamera atatu anayi m'khosi, koma mukuona nokha kuti yankho lobwera pambuyo pa funso silikoma ngati lobwera patsogolo.

Tsono musathamangire kugamula, mbali inayo nayonso ili ndi zake zolemera. Choyamba Robinson anadikira mpaka Faas atamwalira mu 2012, komanso yemwe anatsuka filimu, Yuichi Ishizaki, kulibenso, ndiye anthu awiri amene akanamutsutsa sangayankhe. A AP amakumbutsanso kuti Robinson anachotsedwa ntchito kwawoko mu 1978, komanso kuti tsiku lomwelo iyeyo ndi amene sanafune kuti chithunzicho chitumizidwe. Chachiwiri pali mboni zamoyo. David Burnett, wojambula wotchuka yemwe anali pamsewupo n'kuphonya chithunzicho chifukwa amalimbana n'kulowetsa filimu mu Leica yake, akuti anaona Ut akuthamangira kutsogolo ana akutuluka mu utsi, ndipo ku ofesi anamva Faas akumuyamikira Ut. Fox Butterfield wa New York Times naye ali kumbali ya Ut. Kim Phuc amavomera kuti za mphindi imeneyo sakumbuka, koma akuti abale ake omwe analipo amamuuza kuti ndi Ut, ndipo filimu ya The Stringer anakana kulowamo. Chachitatu, Faas ankadziwika kuti amalipira ndi kulemba maina a aganyu bwinobwino, ndiye funso n'lakuti tsiku limeneli akanaberanji. A filimu amati mwina amamva chisoni ndi imfa ya mkulu wake wa Ut yemwe anamutuma ndi iyeyo, kapena amafuna chithunzi chachikulu chikhale cha wantchito wa AP osati dalaivala wa kampani ina. Zonsezo n'zongoganizira, mwini mutu anapita nazo kumanda.

A AP anatulutsa malipoti awiri, loyamba mu January 2025 filimu isanaonetsedwe, lachiwiri mu May la masamba pafupifupi 100. Anapanganso msewu wawo wa pa kompyuta n'kunena kuti a Index anakokomeza mtunda, kuti munthu wa kutali uja ndi wosaoneka bwino moti sungalumbire kuti ndi Ut, ndipo makanema ali ndi mipata yomwe palibe akudziwa kuti inatenga masekondi angati. Mathero ake anati n'zotheka kuti Ut anajambula, mafunso alipo ndithu ena osayankhika, koma umboni wokwanira kuchotsa dzina lake palibe. Patangopita masiku khumi, pa 16 May 2025, World Press Photo ya ku Amsterdam inalengeza kudzera mwa mkulu wake Joumana El Zein Khoury kuti yaimika kaye dzina la Ut. Anati poona malo, mtunda ndi kamera, Nghe kapenanso munthu wachitatu, wojambula wa asilikali Huynh Cong Phuc, anali pamalo abwino kuposa Ut. Mphotho ya chithunzicho sanaichotse, ndipo anatsindika kuti chithunzicho n'chenicheni, chomwe chavuta ndi dzina lokha. Ojambula mazanamazana anasaina kalata yokwiya nazo. A Pulitzer sanasinthe kanthu.

Mukayang'anitsitsa, awiriwa sakusiyana kwambiri pa zomwe anapeza, akusiyana pa funso lomwe akudzifunsa. AP ikuti dzina lakhalapo zaka 50, wofuna kulichotsa abweretse umboni wosakayikitsa, ngati kukhoti kuja kuti munthu ndi wosalakwa mpaka atapezeka wolakwa. World Press ikuti ife tikaika dzina pansi pa chithunzi ndiye kuti tikuuza dziko kuti tikudziwa, ndiye ngati tayamba kukayika tisanamizire kudziwa. Ine pandekha ndimaona kuti a World Press ananena zoona koma anamupweteka munthu, chifukwa kwa anthu wamba kuimika dzina n'chimodzimodzi kunena kuti waba, pomwe palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale a filimu, amene akunena kuti Ut ndi amene anasintha dzina. Ngati panali chinyengo chinachitikira pa tebulo la mabwana, mnyamata wa zaka 21 anangouzidwa kuti chithunzi chako ichi, ndipo m'chipwirikiti cha utsi ndi kulira kuja, utadina kambirimbiri, ungakane bwanji? Komanso AP kudzifufuza yokha pa chithunzi chake chotchuka kuposa zonse, eeh, fisi kuweruza mlandu wa mbuzi ndi zovutirapo, ngakhale ndivomere kuti nkhani ya Pentax anaitulutsa okha pomwe akanatha kuibisa.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi waganyu uja, kaya ndi Nghe kaya ndi wina. Nkhondo ya Vietnam inajambulidwa kwambiri ndi eni dziko, amene amadziwa njira, chilankhulo ndi fungo la ngozi, koma maina omwe dziko linaloweza ambiri ndi a alendo. Kadzina ka pansi pa chithunzi kamaoneka kachabechabe koma ndi komwe kamabweretsa ntchito yotsatira, maulendo, mphotho, penshoni. Anzathu a ku Joni akudziwa za Sam Nzima, amene anajambula Hector Pieterson, mwana wa sukulu wowomberedwa ndi apolisi, atanyamulidwa ndi Mbuyisa Makhubo ku Soweto pa 16 June 1976, mlongo wake Antoinette akuthamanga pambali. Naye anali ndi Pentax, filimu anaibisa mu sokosi apolisi asanamulande zina. Dzina lake palibe anakanapo, koma umwini wa chithunzicho unali wa kampani ya nyuzi ya The World, iye n'kuthawira kumudzi ku Lillydale apolisi akumusaka, ntchito yojambula n'kuthera pomwepo, chithunzi chikuzungulira dziko lonse iye osaonapo kanthu, mpaka anadzapatsidwa umwini mu 1998, patatha zaka 22. Ndiye pali zinthu ziwiri zomwe timazisokoneza kawirikawiri, dzina la wojambula ndi umwini wa chithunzi. Umwini utha kugulitsa, ndipo Nghe ngati nkhani yake ili yoona anagulitsadi pa madola 20 aja, sakanadandaula. Koma dzina siligulitsidwa, wodina ndi wodina basi.

Ndinazilawapo pang'ono inenso, zazing'ono poyerekeza. Chaka china madzi atasefukira ndinajambula mayi akuoloka ndi mbuzi paphewa, madzi ali m'chiuno, ndinatumizira mnzanga pa WhatsApp kuti aone chabe. Patatha masiku awiri ndikuchiona pa tsamba lina la nkhani, achidula m'munsi pomwe panali kadzina kanga, pansi alemba kuti chithunzi: intaneti. Intaneti inanyowa nsapato liti? Nditawaimbira anandiuza kuti bwana tithokoze kuti chafika patali. Chinandipulumutsa n'chakuti fayilo yoyamba inali pa memori khadi, yokhala ndi deti, ola ndi nambala ya kamera, komanso zithunzi za patsogolo ndi pambuyo pake zosonyeza mayi yemweyo akulowa ndi kutuluka m'madzi. Anabweza dzina, ndalama ayi.

Zimenezo ndi zomwe Ut ndi Nghe alibe, ndipo n'chifukwa chake mipikisano ya masiku ano inalimbitsa malamulo. World Press, yomwe inayamba mu 1955, imafuna wofika kumapeto apereke fayilo ya RAW, ija yosakonzedwa yochokera mu kamera, kapena zithunzi zotsatana za patsogolo ndi pambuyo, akatswiri aziyerekeze ndi chomwe watumiza. Mu 2015 pafupifupi chimodzi mwa zithunzi zisanu zilizonse zomwe zinafika chakumapeto chinatayidwa chifukwa chokonzedwa mopitirira. Pano kwabweranso AI, mukukumbuka Boris Eldagsen uja anapambana ku Sony World Photography Awards mu 2023 n'kukana mphotho poulula kuti chithunzicho sichinatuluke mu kamera. Opanga makamera ayamba kuika siginecha ya dijito mkati mwa fayilo pa nthawi yodina, njira yotchedwa C2PA, ndipo Leica M11-P ya 2023 inali yoyamba kutuluka nayo. Koma onani, siginechayo imanena kamera yomwe yajambula, sinena chala chomwe chadina. Mukabwerekana kamera pa ukwati, kapena bwana wa situdiyo akatuma anyamata atatu ndi makamera ake n'kudinda dzina lake pa zonse, tabwerera ku Saigon komwe kuja.

Mwa njira, chithunzichi chinavutitsidwaponso ndi Facebook mu 2016, pomwe anachichotsa pa tsamba la wolemba wa ku Norway Tom Egeland ati ndi zamaliseche, nduna yaikulu Erna Solberg atachiika nayenso anamuchotsera, mpaka dziko litakuwa ndi pomwe anabweza. Mkangano womwe Faas anauthetsa mu mphindi zochepa mu 1972 makina anadzauyambitsanso patatha zaka 44.

Kunena za umboni wogwirika, chinthu chimodzi chomwe chikanathandiza kwambiri ndi chithunzi chotsuka chija Nghe akuti anapatsidwa ku ofesi pamodzi ndi madola 20, poti pepala la tsiku lomwelo lochokera m'chipinda chamdima cha AP likanayezedwa. Iye akuti anafika nacho kunyumba, koma mkazi wake anachiwononga. Nghe anadzasamukira ku California, komwenso Ut wakhala zaka zambiri akujambula anthu otchuka a ku Hollywood ndi milandu ya m'makhoti a Los Angeles. Nkhalamba ziwiri za ku Vietnam m'chigawo chimodzi cha Amerika, aliyense akuti ndinali ine, ndipo negetivu ili m'nkhokwe ya AP ku New York ndi makona ake ooneka ngati a Pentax.